Khofi amanunkhira phiri la kwawo

Khofi wa ku Misuku ndi khofi wa ku Thyolo, ngakhale atakazingidwa pa moto umodzi ndi kuthiridwa madzi a m'ketulo imodzi, sakoma mofanana. Wa ku Misuku amawawasa pang'ono ngati lalanje ndipo amasiya kafungo ka maluwa. Wa m'madera otsikirapo amakonda kukhala wofatsa pa lilime, wopendekera ku chokoleti ndi mtedza wokazinga. Onsewo ndi a mtundu wa Arabica, ndipo onse ndi a m'dziko limodzi. Chimawasiyanitsa ndi malo amene mtengowo unakulira, mbewu imene inabzalidwa, ndi mmene chipatso chinasamalidwira chitathyoledwa.

Mwa zonsezi, chachikulu ndi kuzizira. Kwawo kwa Arabica ndi ku nkhalango za m'mapiri a kumwera chakumadzulo kwa Ethiopia, ndipo mtengowu sukondwa ndi dzuwa loswa mtengo. Umakula bwino kumene kutentha kumakhala pakati pa madigiri 18 ndi 22. Popeza mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu akwera, m'maiko otentha nyengo yotereyi imapezeka pamwamba pa mapiri. Kumalo ozizira chipatso chimachedwa kupsa, ndipo kuchedwako ndiko kumapatsa njere nthawi yodzaza shuga ndi timadzi towawasa timene timadzamveka m'kapu. Njere yake imakhala yolimba ndi yolemera. Ku Guatemala ndi ku Costa Rica amachita kusankha magiredi a khofi potengera kukwera kwa munda, ndipo giredi yapamwamba imatchedwa ndi dzina lonena za kulimba kwa njere. Kumalo otsika ndi otentha chipatso chimapsa msanga, zokolola zimatha kuchuluka, koma kakomedwe kamakhala kopanda zambiri. M'zigwa zotentha zedi mumalimidwa mtundu wina, Robusta, umene uli ndi kafeini wochuluka pafupifupi kawiri kuposa Arabica ndipo umawawa kwambiri. Umenewu ndiwo umadzaza zitini zambiri za khofi waufa wongosungunula.

Mapiri a Misuku m'boma la Chitipa ali ndi minda ina imene imafika mamita 1,700 ndi kupitirira, pafupi ndi nkhalango za Mugesse, Wilindi ndi Matipa. Nkhungu imakuta m'mawa, usiku kumazizira, ndipo alimi ambiri amabzala khofi pakati pa nthochi. Mthunzi wa nthochiwo umawonjezera zimene phiri layamba kale: umachepetsa kutentha kwa masana, chipatso n'kumapsa mosafulumira, pamene masamba ogwa amasunga chinyontho m'nthaka. Minda ikuluikulu ya m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu ili m'munsi poyerekeza ndi Misuku, ndipo kumeneko ulimi wothirira ndi mbewu zopirira matenda ndizo zimachirikiza khofi.

Amalonda amakonda kutamanda dothi, makamaka la m'mapiri amene kale ankaphulika moto. Dothi lakuya, losasunga madzi ndi lachonde limapatsadi mtengo thanzi, ndipo mtengo wathanzi umadzaza njere. Koma mawu akuti munthu angalawe dothi la dera linalake m'kapu ndi okometsera malonda basi. Zimene zimamveka mosakayikitsa ndi kuzizira kwa malo, mbewu, ndi kakonzedwe.

Pa mbewu, nkhani ya Geisha ndi yophunzitsa. Mbewuyi inatengedwa ku dera la Gesha ku Ethiopia m'zaka za m'ma 1930, n'kuyenda m'malo ofufuzira za ulimi mpaka kukafika ku Central America. Kwa zaka zambiri palibe amene ankaiwerengera. Mu 2004 munda wa Hacienda La Esmeralda ku Panama unapatula zipatso za Geisha za pamalo okwera kwambiri n'kuzipititsa ku mpikisano, ndipo olawa anadabwa ndi fungo lake la maluwa. Kuchokera pamenepo Geisha wa ku Panama wakhala m'gulu la khofi wodula kwambiri pa dziko lonse. Kumpoto kwa Malawi nakonso kuli mitengo yodziwika ndi dzina la Geisha, pamodzi ndi Catimor 129 amene ena amamutcha Nyika, koma dzina lokha silibweretsa mtengo wa ku Panama, pakuti mbewu imodzi imakoma mosiyana ikasintha phiri. Ku Kenya, kuwawasa kwa khofi wa ku Nyeri ndi Kirinyaga, kokhala ngati kwa tizipatso takuda takuthengo, kumachokera m'kukumana kwa mapiri ozungulira Mount Kenya ndi mbewu za SL28 ndi SL34, zimene zinasankhidwa ku Scott Laboratories m'zaka za m'ma 1930.

Kakonzedwe nako kamatsatira dera, chifukwa kamadalira madzi ndi dzuwa zimene zilipo. Kumene mitsinje ndi yambiri, khofi amatsukidwa. Zipatso zofiira zimasendedwa ndi makina tsiku lomwelo zathyoledwa, njere zimavundikidwa m'mathanki kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti utomoni wake woterera ngati therere uchoke, kenako zimatsukidwa ndi kuyanikidwa pa thandala mpaka chinyontho chitsike kufika pa 11 kapena 12 peresenti. Khofi wotere amamveka woyera, ndipo kuwawasa kwake kumaonekera poyera. Umu ndimo amakonzera khofi wambiri wa ku Malawi, Kenya ndi Colombia. Kumene madzi ndi osowa koma dzuwa ndi lodalirika, monga ku Harar ku Ethiopia ndi m'madera ambiri a Brazil, chipatso chimayanikidwa chathunthu ndi khungu lake, ndipo njere imayamwa kutsekemera kwa chipatsocho. Pa chilumba cha Sumatra ku Indonesia, kumene mvula sipereka mpata, amachotsa khoko la njere idakali yonyowa, ndipo khofi wake amamveka wolemera, wa fungo longa la dothi lonyowa. Malawi ali ndi mwayi wakuti kukolola kumagwa m'miyezi ya chisanu ndi chilimwe, kuyambira cha m'Meyi mpaka Okutobala, pamene dzuwa loyanikira limapezeka, ngakhale kuti chiperoni chimatha kusokoneza kummwera.

Chizindikiro cha Fairtrade chimene chimaoneka pa paketi sichinena za kakomedwe. Chimanena za mmene khofiyo anagulidwira. Chinayamba ku Netherlands mu 1988 ndi dzina la Max Havelaar, ndipo khofi woyamba anachokera ku kopaletivi ya UCIRI ya alimi a ku Oaxaca ku Mexico. Chaka chotsatira, mu 1989, dongosolo la maiko logawana msika wa khofi linatha, mitengo inagwa, ndipo kufunika kwa mtengo wotetezedwa kunaonekera. Masiku ano bungwe la Fairtrade International, limene likulu lake lili ku Bonn ku Germany, limakhazikitsa mtengo wotsikitsitsa umene wogula sayenera kupereka wochepera pamenepo. Mu Ogasiti 2023, wa Arabica wotsuka unakwezedwa kufika pa madola 1.80 a ku America pa paundi, kuchoka pa madola 1.40. Pamwamba pake pamabwera masenti 20 pa paundi opita ku kopaletivi, amene mamembala amagwirizana okha ntchito yake. Pa khofi, chizindikirochi chimaperekedwa ku magulu a alimi ang'onoang'ono, osati ku maesiteti.

Komabe malonda amenewa amakhudza kapu m'njira yozungulira. Mlimi wa mitengo mazana ochepa sangakwanitse yekha makina osendera, thanki ndi mathandala. Pa masenti 20 aja, masenti 5 anapatulidwa kuti azigwira ntchito yokweza zokolola ndi ubwino wa khofi, ndipo ndalama zotere ndizo zimakonza malo osendera ndi kuphunzitsa alimi kuthyola zipatso zakupsa zokhazokha. Chipatso chimodzi chachiwisi kapena chovunda chimatha kuwononga kapu yonse. Phiri likhoza kuchita mbali yake kwa miyezi isanu ndi itatu, koma khofi akagonera m'thumba asanasendedwe kapena akapitirira nthawi m'thanki, ntchito yonseyo imapita m'madzi. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso kuti patuluke kilogalamu imodzi ya njere zouma, choncho kutaya pang'ono pa thandala n'kutaya zambiri za kumunda.

Pali chofooka chimene otsutsa dongosololi amatchula, ndipo n'chomveka. Mtengo wotsikitsitsa sufunsa kuti khofi ndi wokoma motani. Khofi amene olawa amupatsa mapointi 80 kapena kuposa pa 100 amalowa m'gulu lapamwamba, ndipo amatha kugulidwa pa mtengo woposa wa Fairtrade. Kopaletivi ikhoza kukopeka kugulitsa wabwino zedi kwa ogula apaderawo, n'kusiya wapakati kuti avale chizindikiro. Chinanso, kopaletivi imene imasakaniza zokolola za midzi yambiri m'matumba amodzi imafafaniza kusiyana kwa mapiri. N'chifukwa chake magulu amene akufuna mtengo wabwino anaphunzira kusunga khofi wa dera lililonse payekha, ndi dzina lake pa thumba.

Ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, imene inakhazikitsidwa mu 2007 polowa m'malo mwa Smallholder Coffee Farmers Trust ya mu 1999, imenenso inachokera ku bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority. Makopaletivi ake amatchedwa ndi maina a madera: Misuku Hills, Phoka Hills, Viphya North, Nkhata Bay Highlands, South East Mzimba ndi Ntchisi East. Mwa onsewa, Misuku ndiyo imatulutsa khofi wochuluka. Kumpoto si kumene mbewuyi inayambira m'dziko muno. Mtengo woyamba unafika pa mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi anali katundu wamkulu wotumizidwa kunja, mpaka mtengo wake unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la British Central Africa. Chitangodutsa chaka cha 1900, chilala, tizilombo ndi kugwa kwa mitengo chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil zinagwetsa ulimiwu m'mapiri a Shire, ndipo malo ake anatengedwa ndi fodya, thonje ndi tiyi.

Dzina la dera ndi chuma chimene maiko amalimbirana. Mu 2006 ndi 2007 boma la Ethiopia linakangana ndi kampani ya Starbucks pa umwini wa maina a Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe, ndipo mkanganowo unatha ndi mgwirizano wovomereza kuti mainawo ndi a Ethiopia. Colombia nayo inateteza dzina la Café de Colombia ku European Union mu 2007. Malawi amakolola khofi wochepa kwambiri poyerekeza ndi Brazil, imene yokha imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi wa dziko lonse, choncho pa kuchuluka sangapikisane. Ogula a ku Ulaya, America ndi Japan amene amafuna khofi wa kuno amafunsa za phiri, kukwera kwa munda, mbewu ndi malo amene anasendera, ndipo zimenezi ndizo zimalembedwa pa paketi pambali pa chizindikiro cha Fairtrade.