Kufunafuna Muyeso Wobisika wa Chilengedwe

Mwana aliyense wa sukulu adziwa kuti njerwa iri ndi miyeso itatu: m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Koma m'chaka cha 1998 akatswiri atatu, Arkani-Hamed, Dimopoulos ndi Dvali, anati ungakhalepo muyeso winanso, wopindika ndi waung'ono kotero kuti maso sauona. Bango likakhala patali lioneka ngati mzere chabe, chikhalirecho nyerere imalizungulira. Iwowa anafuna kulongosola chifukwa chake mphamvu yokokera zinthu pansi iri yofooka, pakuti kamaginito kanyamula msomali ngakhale dziko lonse likuukoka. Kapena mphamvu inayo itayikira m'muyeso wobisikawo.

Ganizo lotere likapanda kuyesedwa likhala nthano. Tsono woliyesa anapezeka: kanthu kochepetsetsa kotchedwa nyutirino, kamene kapyola thanthwe monga kuwala kupyola galasi. Manyutirino ali a mitundu itatu, ndipo ali paulendo amasandulika kuchoka mtundu wina kunka ku unzake. Kusandulikaku kunatsimikizidwa ku Super-Kamiokande, m'mgodi wa ku Japan, m'chaka chomwecho cha 1998, ndipo kunasonyeza kuti nyutirino ali nako kulemera, kungakhale kochepa zedi.

Nanga kuchepa kotereku kwadza bwanji? Ena anayankha kuti nyutirino ali ndi mbale wake wosagwidwa ndi makina, amene ayendayenda m'muyeso wobisika. Ngati nkotero, manyutirino ena ayenera kusandulika mbaleyo panjira ndi kusowa, ndipo kusowako kudzasiyana ndi kumene mitundu itatu yokha ingachititse. Ubwino wa njirayi ndi uwu, kuti chosaoneka chiyesedwa powerenga zimene zapereŵera.

Anthu a MINOS anachita chomwecho. Anaponya manyutirino kuchokera ku Fermilab, pafupi ndi Chicago, kupyola pansi pa nthaka makilomita 735 kufikira ku mgodi wa Soudan ku Minnesota, nawerenga ponyamuka ndi pofika. M'chaka cha 2016 analengeza kuti kusowa kwachilendo sanakupeze. Muyesowo sanauphe ai, koma anaupanikiza: ngati ulipo ndipo mbale uja ayendamo, sufika theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi la munthu liuposa koposa kazana.

Tsopano ku America kuli kumangidwa makina ena otchedwa DUNE, amene adzalandira manyutirino a ku Fermilab ku South Dakota, mtunda wa makilomita 1,300.