Nkhawa za ana pamene sukulu inasamukira pa wailesi kumwera kwa Niassa

Sukulu zonse za ku Mozambique zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, patangopita tsiku limodzi munthu woyamba atapezeka ndi Covid-19 m'dzikolo. Tsidya lina la malire a Mandimba ndi Chiponde, Malawi nayenso anatseka tsiku lomwelo. Unduna wa zamaphunziro ku Maputo unakonza zoti ana aziphunzira kunyumba kudzera pa kanema wa TVM, pa Rádio Moçambique, pa mawailesi a m'madera, komanso pa mapepala a mafunso otchedwa fichas amene ankatengedwa kusukulu.

M'tauni ya Cuamba njirazi zinkathekako pang'ono. Koma kumidzi ya Ngauma ndi Mandimba, kumene magetsi ndi osowa, wailesi nthawi zambiri imakhala imodzi pakhomo, ndipo bambo akamapita kudimba amapita nayo. Chinanso n'chakuti mapepala ambiri anali m'Chipwitikizi, pomwe pakhomo pamalankhulidwa Chiyao, Chimakuwa kapena Chinyanja. M'kalasi mphunzitsi amaona nkhope ya mwana amene wasokonezeka, n'kubwereza. Wailesi siibwereza. Mwana ankatsala pamphasa ndi pepala lomwe mayi ake sangamuwerengere, ndipo ena ankangoganiza kuti mutu wawo ndiwo wouma.

Nkhawa ya mwana siituluka ndi mawu. Mwana sanena kuti wavutika maganizo; amati mutu ukupweteka kapena m'mimba mukupotokola. Wina amasiya kudya, wina amabwebweta usiku, wina amayambiranso kukodza pogona atasiya kalekale. Achinyamata amapsa mtima msanga, apo ayi amangoti ndwii pakhonde tsiku lonse. Akuluakulu amafulumira kunena kuti ndi ulesi kapena mwano, ndipo chikwapu chimangowonjezera vutolo. Sukulu zitatsekedwa, chimene chinasowa sichinali maphunziro okha ayi. Belu, mpira wachikulunga pa nthawi yopuma, ulendo wa m'mawa ndi anzake, zonsezi ndi zomwe zimakhazika mtima wa mwana m'malo.

Atsikana anasenza katundu wolemera kuposa anyamata. Niassa ndi chimodzi mwa zigawo za Mozambique zomwe maukwati a ana ndi ochuluka, ngakhale lamulo la 2019 limaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18. Mtsikana wotha msinkhu akangokhala pakhomo miyezi yambiri, achibale amayamba kukamba za banja, iye nayenso n'kumagona ndi mantha akuti mwina sadzavalanso yunifolomu.

Makalasi a mayeso, 12, 10 ndi 7, anabwerera chakumapeto kwa 2020, ndipo ena onse anadikira mpaka Malichi 2021. Ambiri anakwezedwa kalasi osalemba mayeso, motero anakumana ndi ntchito imene sanaikonzekere, manyazi n'kumawagwira pamaso pa anzawo.

Madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri ku Mozambique, choncho ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi ogwira ntchito zachipatala amene anaphunzitsidwa mwapadera, otchedwa técnicos de psiquiatria. Palinso nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança, imene mwana kapena womulera angaimbe. Mwana akakhala milungu iwiri kapena kuposa asakudya bwino, asakugona, kapena akayamba kulankhula zofuna kufa, ayenera kupita naye kuchipatala msanga.