Mawu ali nawo, koma key saidziwa

Loweruka lapitali ndinali mu ka studio kena ku Chawama. Kunabwera mnyamata wa Grade 11, wa mawu abwino maningi, atalipira session ndi ndalama zimene anasunga miyezi iwiri. Producer atamufunsa kuti nyimbo yake ili mu key yanji, mwana anangomuyang'ana chabe. Ola lonse linathera pa kusakila pamene mawu ake akhala bwino, ndipo anatuluka alibe nyimbo. Panja anandiuza kuti ku sukulu kwawo Music iliko, koma atate ake anamuletsa, ati ni subject ya anthu a mu bar.

Makolo ambiri mu komboni ndiye mmene amaganizira. Koma Music ni subject ya mayeso a ECZ monga Geography, ndipo kuchokera pa silabasi ya 2013 mwana wa sekondale angathe kusankha njira ya Performing and Creative Arts. Mmenemo aphunzira kuwerenga manotsi, kusunga beat, kumva ngati mnzake mu kwaya watsika, komanso zoimbira zathu monga silimba ndi ngoma.

Manje tikambe za ndalama, pakuti apa ndiye pamene atate aja ali ndi nkhawa. Ana onse afuna kukhala Yo Maps, koma Yo Maps ni mmodzi. Tayang'anani kumbuyo kwa woimba pa show iliyonse: pali wa keyboard, wa bass, wa ma drums. Amenewa Lachisanu ali ku club, Loweruka ku ukwati kapena ku kitchen party, Sondo ku tchalitchi. Nkhope zawo simuziona pa poster, koma foni yawo siileka kulira, chifukwa munthu amene ungamuuze kuti "tiyeni mu G" nkuyamba pomwepo ni wosowa. Ena amalowa mu brass band ya asilikali kapena ya apolisi, ena apita ku Evelyn Hone College nkutuluka ali aphunzitsi a nyimbo a pa payroll.

Ngakhale ba Jagari Chanda a WITCH, gulu lija la Zamrock la m'ma 1970, anakhalapo mphunzitsi wa nyimbo. Mu 2023 WITCH inatulutsa album ya Zango, ndipo mdala akali kuzungulira ma stage a ku Europe ndi America.

Zoona, vuto liliko. Masukulu ambiri a boma alibe zoimbira zokwanira, ndipo kwina keyboard imodzi ikhala yokhomeredwa mu ofesi kuopa akawalala, ana nkumajambula piano mu buku. Koma kwaya siifuna magetsi, ngakhale pa load shedding imayenda, ndipo mipikisano ya NASAAZ ilipo ya ana a sukulu.

Mnyamata uja ndinamusiya pa station akuwerenga ma coin a basi. Ati azayamba kupita ku practice ya kwaya ku tchalitchi Lachitatu lililonse, pakuti wa keyboard kumeneko analonjeza kumuonetsa ma chord. Atate ake sanawauze.