Makina a Mapulotoni ndi Zotupa za M'maso Mwathu

Chiyambire pamene matelefoni a m'manja anayamba kutifikitsira nkhani za kutsidya la nyanja tisanasukusule n'komwe, ife a ntchito ya maso tasanduka anthu oyankha mafunso amene aphunzitsi athu sanafunsidwepo; ndipo mwa mafunso amene anansi anga kuno ku Soche amandiimitsa nawo, kaya pamsika wa Kamba, kaya pakhomo pa tchalitchi mapemphero atatha, limene limandigwira mtima ndi ili: "A dokotala, akuti kunja kuli makina owotcha khansa ya m'diso, diso osalichotsa; nanga inu kuno muthamangiranji mpeni?" Funsoli si lachibwana, ndipo popeza safunsa adadya phula, ofunsawo ayenera kuyankhidwa mosabisa.

Makinawo alipodi. Amatenga tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa mapulotoni, tochokera mu mpweya wa hayidirojeni, natizunguza ndi mphamvu ya magetsi ndi maginito kufikira titathamanga koopsa, kenaka natiponya pamalo amene dokotala wasankha. Amene anayamba kulemba kuti tinthuti tingachize khansa ndi Robert Wilson, m'chaka cha 1946. Odwala oyamba anachizidwa ku Berkeley mu 1954, ndipo mu 1975 madokotala a ku Harvard anayamba kuchiza nato zotupa za m'kati mwa diso. Ku England ntchitoyi inayamba mu 1989 pa Clatterbridge, pafupi ndi Liverpool, ndipo ku South Africa odwala anayamba kulandira mapulotoni mu 1993 pa Faure, kunja kwa Cape Town.

Kusiyana kwake ndi cheza cha X-ray, chimene zipatala zambiri za khansa zimagwiritsa ntchito, kuli pa malo amene mphamvu imathera. X-ray ili ngati wamtengatenga amene wasenza thumba lobooka, chimanga chikutayika njira yonse, nafika pakhomo pamene anatumidwa, napitirira ndithu kuseri kwa nyumba chikutayikabe; pulotoni ndi mnzake amene ataya pang'ono panjira, natula katundu yense pakhomo penipenipo, osapondanso phazi lina. Mapulotoni ochizira diso amalowa m'thupi masentimita atatu okha, pamene diso lenilenilo silikwana masentimita awiri ndi theka. Ndipo kwa chiwalo chimene m'kati mwake chotupa, mtsempha woonera ndi kadera koonera zinthu bwinobwino zimatalikirana ndi mamilimita owerengeka, kuseri kwake kuli ubongo, kuima pamalo oyenera ndiyo nkhani yonse.

Wodwala amayamba wachitidwa opaleshoni yaing'ono, imene dokotala amasokerera tizitsulo tinayi kapena tisanu, tochepa kuposa njere ya mpunga, kunja kwa diso moyang'anizana ndi malire a chotupacho, kuti pojambula aone pamene akulozetsa. Amamuumbira chigoba cha kumaso cholingana ndi nkhope yake yokha, ndi kanthu koluma m'kamwa kuti mutu usagwedezeke. Tsiku la chithandizo akhala pampando, zikope zitakokedwa ndi tizitsulo tina, nauzidwa kuyang'anitsitsa kanyali kakang'ono osachotsapo diso. Kukonzekera kumeneku kumatenga nthawi, koma kuponya kwenikweniko sikupitirira mphindi imodzi, ndipo wodwala samva moto kapena ululu, ngakhale ena amaona kuwala kwa mtundu wa buluu. Amachita chomwecho masiku anayi kapena asanu, basi. Chotupacho sichitha tsiku lomwelo, chimafota mwa miyezi ndi zaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi chozizwitsa. Mwa odwala 100, oposa 90 chotupa chawo chimaleka kukula, ndipo ambiri diso limatsala pamalo pake. Komabe kutsala kwa diso si kutsala kwa kuona, pakuti ngati chotupa chinagundana ndi mtsempha woonera, kuona kumazilala ndithu, nsidze zina zimathothoka, misozi imauma, ng'ala imabwera, ndipo alipo ena amene diso limadzachotsedwabe patapita zaka. Ndiponso khansa imeneyi imakonda kuthawira kuchiwindi, kumene mapulotoni a m'diso safikako, kotero wodwala amayezedwa chiwindi moyo wake wonse.

Chimene nkhani za pa telefoni sizinena ndi ichi: khansa imene makinawa amachiza m'diso, yotchedwa melanoma, imamera m'kati mwa diso, ndipo imakonda anthu a khungu loyera ndi maso otuwa, mwa ife a khungu lakuda ndi yosowa kwambiri. Makina otere amadya ndalama zosasimbika, amafuna nyumba ya makoma ochindikala, magetsi osathima ndi akatswiri osachokapo. Ndipo dziko lathu lino, limene kwa zaka zambiri linkatumiza odwala ake ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku India kukafuna cheza wamba, limene makina a X-ray ochizira khansa angofika kumene, likadati ligule mapulotoni lero, ine ndikadakhala woyamba kudandaula. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Chotupa chimene ife timakumana nacho sabata ndi sabata sichibisala m'kati ayi, chimakhala poyera, pakhungu loyera la diso, pamalire pamene loyera likumana ndi lakuda, pamalo amene zikope zimasiya posaphimba. Chimayamba ngati kadontho kotuwa, kokwera pang'ono, pamwamba pake pouma ngati thovu, ndi timitsempha tofiira tonenepa tolunjika kwa iko. Chimanyerenyetsa, chimatulutsa misozi, koma sichipweteka kwenikweni, ndipo kusapwetekako ndiko kumagonetsa anthu. Zoyambitsa zake zazikulu ndi cheza cha dzuwa, limene amayi ogulitsa malonda pamsika ndi abambo oswa miyala m'mphepete mwa phiri amapsa nalo tsiku lonse, ndi kufooka kwa chitetezo cha m'thupi chifukwa cha kachirombo ka HIV. N'chifukwa chake munthu wobwera ndi chotupa chotere timamupempha ayezetse magazi, ndipo kwa ena diso ndilo mthenga woyamba. Koma ndichenjeze olankhulalankhula, kuti si aliyense wa chotupa m'diso ali ndi kachiromboka, ndipo palinso kamnofu kena kosaopsa kofanana nacho, kamene kusiyanitsa kwake n'kovuta ngakhale kwa ife, kufikira kachidutswa katapimidwa ku labotale.

Chikagwidwa chikadali chaching'ono, mankhwala ake ndi mpeni womwe uja anthu amauopa. Wodwala timamubaya jakisoni wa dzanzi, ali maso, timadula chotupacho pamodzi ndi kamalire ka mnofu wabwino, ndipo amabwerera kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake, diso lake lili pomwepo, likuona. Kenaka amadontheza mankhwala otchedwa 5-FU kanayi patsiku kwa milungu inayi; kafukufuku wa ku Kenya wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti mwa odontheza mankhwalawa chotupa chinabwereranso kwa 11 pa 100 alionse, pamene mwa osadontheza chinabwerera kwa 36. Koma amene ayamba wathira madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena madzi a shuga, nasinthasintha mankhwala ogula pa okala mwezi ndi mwezi, amafika chotupa chitaloweka kale m'kati, ndipo pamenepo timachotsa diso, mwina pamodzi ndi zikope ndi mnofu wonse wolizungulira. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Wa ku Zingwangwa, ku Chimwankhunda kapena ku Manja alibe chifukwa cha mtunda, pakuti chipatala cha maso cha Lions, pa Queen Elizabeth, n'chapafupi.

Khansa ya m'diso ya ana ndiyo imandisowetsa tulo. Khansayi, yotchedwa retinoblastoma, imagwira makamaka ana osakwana zaka zisanu, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi kamwana ka diso kowala moyera, makamaka madzulo kapena pachithunzi chojambulidwa ndi kuwala kwa telefoni, nthawi zina diso lopenyera kumbali. M'maiko olemera ana oposa 95 pa 100 amachira; kuno ambiri amafika diso litatuzuka kale. Mayi, mukaona kuwala kumeneko, musadikire kuti agogo ake abwere kuchokera kumudzi adzaone. Ndipo dokotala akanena kuti diso lichoke, dziwani kuti akufuna kutseka njira ya mtsempha wopita ku ubongo, kuti mwanayo adzaikidwa diso lopanga, ndi kuti ena amalandiranso mankhwala a khansa a m'dilipi. Popeza nthenda imeneyi nthawi zina imayenda m'magazi a banja, mubwere nawonso abale ake aang'ono kuti tiwayeze.