Chithunzi cha mtchona pakhoma

M'nyumba zambiri zakale ku Tukombo mumapezeka chithunzi cha munthu amene kulibe. Wavala suti, nsapato zili nyezinyezi, waima mu situdiyo ku Johannesburg kapena ku Bulawayo. Atonga a m'mbali mwa nyanja muno anayamba kale kwambiri kupita kunja kukagwira ntchito, ndipo amene sanabwerere amatchedwa matchona. Ana amakula akuloza chithunzicho kuti awo ndi agogo, awo ndi amalume, koma mawu awo sanawamvepo.

Chithunzi chotere ndinakumana nacho kumene sindinayembekezere, m'buku la nkhani yojambula lotchedwa Maus. Art Spiegelman wa ku New York anajambula mbiri ya bambo ake, Vladek, Myuda amene anapulumuka ku ndende ya Ajeremani ya Auschwitz. Ayuda anawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, ndipo bukulo linalandira mphoto ya Pulitzer mu 1992. Koma pakati pa mbewa zonsezo anaikamo chithunzi chenicheni cha mkulu wake, Richieu, amene anamwalira ali kamwana m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Art asanabadwe. Chithunzicho chinkakhala kuchipinda kwa makolo ake. Mwana wamoyo amalakwa, amakalipiridwa. Wa pachithunzi salakwa. Aliyense amene anakulira pansi pa chithunzi cha mtchona akudziwa kulemera kwa mpikisano umenewu.

Wojambula wina, Marjane Satrapi wa ku Iran, m'buku lake Persepolis lomwe linayamba kutuluka mu 2000, anasankha mitundu iwiri basi, wakuda ndi woyera. Pamene makolo akumutumiza ku Austria ali ndi zaka 14, iye akucheuka pabwalo la ndege n'kuona bambo ake atanyamula mayi ake, omwe akomoka. Nkhope ya bamboyo yadetsedwa ndi inki, ndipo pakati pa mwana ndi makolo pali galasi. Mawu ndi ochepa. Galasilo ndi limene likulira.

Kwathu kuno zojambula tili nazo, ndipo tinakula nazo: Chatsalira m'magazini ya Moni, Pewani wa Brian Hara mu Malawi News.  Koma makatuni athu ambiri ndi timabokosi titatu kapena tinayi, cholinga n'kuseketsa: maso otong'oka, thukuta lili kamukamu, mayi atanyamula mthiko kuthamangitsa bambo. Timaseka, n'kukulungira usipa pepalalo.

Ine ndikuona kuti wojambula amene angafune kufotokoza banja la kunyanja kuno adzasochera akangotengera nkhope zazikulu zodzaza tsamba, monga zimachitikira m'mabuku ojambula a ku Japan otchedwa manga, momwe misozi imayenderera m'maso aakulu ngati mbale. Ife chikondi ndi mkwiyo sitizionetsa kwambiri pankhope. Zili m'mawondo ndi m'mpata wa pakati pa anthu. Ndani wakhala pampando, ndani pamphasa? Mtengwa wagwada pati popereka madzi osamba m'manja, ndipo maso waloza kuti? Mkamwini akakumana ndi apongozi panjira ya kudooko, amapatuka mapazi angati? Pamaliro amayi ali m'nyumba ndi thupi, abambo ali panja pansi pa mtengo wa mango; mwana wamwamuna amene wafika mochedwa kuchokera ku Joni waima pakati, chikwama chikadali m'manja, sakudziwa kolowera. Kabokosi kamodzi kameneko kakhoza kunena zonse popanda liwu.

Ndipo ubale wa kuno si wophweka. J. van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga n'kulemba The Politics of Kinship mu 1964, anaonetsa momwe mwana amakokedwera uku ndi akuchimuna, uku ndi akuchikazi. Wojambula sangavutike kufotokoza zimenezi: angoika kamwana pakati pa tsamba, bambo kumanzere, amalume kumanja, aliyense atatambasula dzanja, nsima ya kondowole ikuzizira pamphasa. Pakhoma kumbuyo kwawo, munthu wa suti uja akuyang'anabe kamera.