Chitseko cha kuwala m'kamera zakale

Mtima umandiwawa ndikaona kamera zopinda za Agfa ndi Zeiss Ikon, zimene makolo athu ankajambulira maukwati, zikutayidwa kudzala kapena kugulitsidwa mumsika wa Limbe ngati zitsulo zachabe, pakuti ngakhale galasi lake litachita nkhungu, shata, chitseko cha kuwala cha m'kati mwake, kaya ndi Compur ya ku Munich kapena Prontor ya ku Calmbach, kawirikawiri imakhala ikadali ndi moyo.

Chitseko chimenechi chimakhala pakati pa magalasi awiri. Mmisiri amamasula lakutsogolo, kenaka lakumbuyo, ndipo pomalizira mphete yochimangirira ku kamera. Pamenepo akhoza kuikamo magalasi ena, malinga mazinga ake agwirizane ndipo mpata wa pakati pawo usasinthe, chifukwa ukalakwika chithunzi chimatuluka mbuu.

Ndikupemphani, abale anga, musadontheze mafuta pa timasamba take tachitsulo, topyapyala koposa lumo, pakuti timamatirirana. Benzini woyera ndiye wotitsukira. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo amene manja ake amanjenjemera apereke chitsekocho kwa okonza mawotchi a ku Ndirande, amene tizida tawo timakwanira pa tisipulingi ta m'kati mwake.