Nkhawa Imabisala mu Nsagwada

Anzanga achinyamata, ikani zala kutsogolo kwa makutu anu, ndipo muyasamule pang'onopang'ono. Mwamva kanthu kakuyenda? Pamenepo ndiye pamene nsagwada yalumikizana ndi chigaza. Ine malowa ndinawadziwa chifukwa cha ululu.

Nditangoyamba kumwa ma ARV, sindinauze munthu kupatula mayi anga. Botolo ndinkalibisa m'thumba la chimanga. Usana ndinkaseka ndi anzanga bwinobwino, koma m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi litsipa, masaya ali gwa, ngakhale chimanga chootcha osatha kuchiluma. Mng'ono wanga ankadandaula kuti ndikumusowetsa tulo pokukuta mano. Ine ndinati basi, ndi mankhwalawa, ndipo ndinatsala pang'ono kuwasiya.

Mwayi wake ndinayamba ndafunsa kaye pa chipatala chathu cha Dambe, chija chinatsegulidwa mu 2016 mothandizidwa ndi a Abwenzi Pa Za Umoyo. Adokotala atandipima anati vuto silinali mankhwala ayi. Munthu akakhala ndi nkhawa amaluma mano osadziwa, ndipo minofu yotafunira, ya m'masaya ndi ya m'mbali mwa mutu, imagwira ntchito usiku wonse osapuma. Ikatopa, ululu umafika kumutu, m'khutu mpaka m'khosi.

Kakhalidwe nakonso kamawonjezera. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Ukaweramira pa foni kapena pa kope nthawi yaitali, minofu ya kumbuyo kwa khosi ndiyo imaugwira kuti usagwe. Nanga ife a kumapiri kuno, osenza matumba a mbatatesi pa chitunda, khosi lipuma liti?

Akatswiri a mafizo, ngati a ku Kachere ku Blantyre, amagwiritsa ntchito manja: kutikita minofu yolimba, kuyendetsa mfundo mofatsa, ndi kuphunzitsa munthu zochita payekha. Blantyre ndi kutali, koma zina nzotheka pakhomo. Thowani masaya ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda. Tikitani mozungulira ndi nsonga za zala, osati mwamphamvu. Mukakhala chete, milomo ikhale yotseka koma mano asagundane. Nzimbe ndi chingamu zidikire kaye. Ine zinandithandiza, komabe kukukuta kunachepa zenizeni nditayamba kulankhula ndi aphungu komanso anzanga a m'kalabu. Zala zimafewetsa mnofu, sizichotsa chimene chikukudya mumtima.

Chenjezo, ndipo apa ndikunenetsa: si ululu uliwonse wofuna kutikita. Kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, mutu wopweteka kwambiri masiku angapo, khosi louma, kutentha thupi, kusanza kapena kusokonezeka maganizo zingakhale matenda oumitsa khosi, omwe amapha msanga. Nsagwada zikamangika mutavulala ndi khasu kapena msomali, ganizani za kafumbata. Dzino lobooka, zilonda m'kamwa ndi kutupa pansi pa khutu nazonso zimafuna kupimidwa. Mukaona izi musathowe, musadikire tsiku lanu lokatenga mankhwala. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ma ARV musalekeze.